MLEMBI WA GULU NDI FONI YACE: ZOLEMBA ZA DONGOSOLO ZICHINJIRIZA CUMA CA ANTHU

M'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi, mlembi wa gulu kale anali kudziwika ndi buku la cikuto colimba ndi bolopeni pa thumba la malaya. Masiku ano alembi ena a mabungwe a alimi, a mabanki a m'mudzi, a makomiti a zitsime ndi a magulu a amai a ku chalichi amafika pa msonkhano atanyamula foni, ndipo zokambirana zonse amazilemba m'menemo. Foni njopepuka, siidyewa ndi ciswe, ndipo zolembedwazo zikhoza kutumizidwa kwa mamembala onse tsiku lomwelo.

Koma pali bvuto limene limaonekera pambuyo pace. Foni imalandira mau monga nkhokwe imalandirira cimanga: ciri conse coponyedwamo cimalowa. Mlembi akalemba mofulumira, maina a anthu, ndalama zimene apereka, ngongole, zigamulo ndi madandaulo zimakhala mtolo umodzi wopanda mutu kapena malire. Tsikulo iye mwini amazimvetsa bwino pakuti akali kukumbukira. Pakapita miyezi itatu, membala wina nkunena kuti anabweza ngongole yace yonse, msungicuma nkukana, anthu onse amayang'ana kwa mlembi. Ngati iye afufuza m'foni osapeza mzere womveka bwino, mlandu umakula, ndipo anthu amene anali kudyera mbale imodzi amayamba kukaikirana.

Cifukwa cace kukonza maonekedwe a zolemba, ndiko kuika mitu, mindandanda, zilembo zonenepa ndi zina zotero, kuli mbali ya nchito ya mlembi monga kuliri kuwerenga ndalama kwa msungicuma. Zolemba zokonzedwa bwino zimayankha funso msanga, ndipo zimayankha mofanana kwa munthu ali yense amene aziwerenga.

KUMENE ZINACOKERA

Nzeru yosiyanitsa mau m'zolemba njakale kwambiri kuposa foni. M'caka ca 1501, wosindikiza mabuku wa mu mzinda wa Venice ku Italy, dzina lace Aldus Manutius, anayamba kusindikiza timabuku ndi zilembo zopendeka. Poyamba buku lonse linali kulembedwa ndi zilembozo, koma m'kupita kwa zaka osindikiza anazisandutsa njira yopatulira liu limodzi kapena dzina la buku pakati pa mau ena. Zilembo zonenepa, zakuda bii, zinafala mocedwerapo. Zina mwa zoyamba zinali zochedwa Clarendon, zimene Robert Besley wa ku London anatulutsa mu 1845, ndipo zinathandiza kuti diso la wowerenga ligwere msanga pa liu lofunika.

Makina otaipira a kampani ya Remington anayamba kugulitsidwa ku America mu 1874. Oyambawo anali ndi zilembo zazikulu zokha-zokha, ndipo mu 1878 mpamene anatuluka ena okhala ndi zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Makina amenewa analibe zilembo zopendeka kapena zonenepa. Motero otaipa anapeza njira zao: mutu anali kuulemba ndi zilembo zazikulu, liu lofunika anali kubwerera nalijambulira mzere kunsi, ndipo ena anali ndi riboni ya mitundu iwiri, yakuda ndi yofiira. Akulu-akulu amene anagwirapo nchito m'maofesi a pa boma kapena m'masukulu akumbukira makalata otere, pamodzi ndi mapepala a kaboni amene anali kutulutsa makope awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Makompyuta atafika, njira zinagawikana pawiri. Mapulogalamu monga Microsoft Word, amene anayamba mu 1983, anabweretsa njira yosankha liu ndi kulinenepetsa kapena kulipendeketsa, wolemba nkuona pomwepo m'mene lidzaonekera. Koma makalata otumizidwa pa intaneti m'zaka zoyambirira anali kunyamula zilembo wamba zokha. Anthu olemberana makalatawo anacita monga otaipa akale: pofuna kutsindika liu, anali kuliika pakati pa tinyenyezi tiwiri, kapena pakati pa timizere tiwiri tapansi. Njira ziwiri zimenezi, ya mabatani ndi ya zizindikiro, ndizo ziri m'mafoni lero lino.

MAPULOGALAMU OLEMBAMO

Mafoni amakono a Samsung, Tecno, Itel ndi ena amabwera ali kale ndi kapulogalamu kolembamo zokumbutsa. Palinso mapulogalamu ena, amene acinyamata amawacha maapu, oti munthu aike yekha m'foni. OneNote ya kampani ya Microsoft inayamba mu 2003. Google Keep inatuluka mu 2013, Notion mu 2016, ndipo Obsidian mu 2020.

Google Keep njosabvuta kwa woyamba kumene. Munthu akhoza kulembamo ngakhale kumalo kopanda netiweki, ndipo zolembazo zimapita ku akaunti yace ya Google pamene foni yagwiranso intaneti. Pamwamba pa colemba ciri conse pali malo a mutu. Muli timabokosi toconga, ndipo cinthu cikacongedwa cimakhwachika ceni-ceni nicitsikira kunsi kwa mndandanda. Kwa zaka khumi pulogalamuyi inalibe zilembo zonenepa, koma mu 2023 eni ace anaonjezamo batani la cilembo A pa mafoni a Android. Wolemba akasankha mau ndi kudina batanilo, akhoza kuwasandutsa mutu waukulu kapena waung'ono, kuwanenepetsa, kuwapendeketsa, kapena kuwajambulira mzere kunsi.

Notion imagwira nchito m'njira ina. Ndime iri yonse, mutu uli wonse ndi mzere uli wonse wa mndandanda ziri ngati njerwa payokha, yoti ikhoza kunyamulidwa ndi kuikidwa pena. Ili ndi zambiri, monga matebulo okhala ndi mizere ndi madanga, koma imafuna munthu woleza mtima poiphunzira. Obsidian imasunga colemba ciri conse monga failo ya mau wamba m'foni momwemo, ndipo siilira intaneti kuti munthu alembe kapena awerenge.

Palinso anthu amene buku lao ndi WhatsApp. Kumapeto kwa 2022 pulogalamuyi inayamba kulola munthu kudzitumizira yekha uthenga, ndipo ena amasungira m'menemo mitengo, maina ndi manambala. Njira imeneyi ithandiza pa zokumbutsa zazifupi, koma pa mbiri ya gulu njofooka, pakuti mauthenga amangotsatana monga anafikira, popanda mitu yowasiyanitsa.

ZIZINDIKIRO ZA MARKDOWN

Ali yense amene anagulapo mabandulo kapena kutumiza ndalama pa foni adziwa kanyenyezi (*) ndi hashi (#). Zizindikiro zomwezo, pamodzi ndi zina zowerengeka, ndizo zimakonza zolemba m'njira yochedwa Markdown. Njirayi anaiyambitsa ndi John Gruber wa ku America mu 2004, mothandizana ndi mnyamata wina wodziwa za makompyuta, Aaron Swartz. Iwo anatengera cizolowezi ca olemba makalata a pa intaneti cija. Colinga cao cinali cakuti zolemba ziziwerengeka bwino ngakhale pamene palibe pulogalamu yomasulira zizindikirozo.

Malamulo ace ngocepa. Hashi imodzi pa ciyambi ca mzere, yotsatidwa ndi mpata, imapanga mutu waukulu. Mahashi awiri amapanga mutu waung'ono, atatu wocepera apo. Kamzere kopingasa (-) kotsatidwa ndi mpata kamayambitsa mndandanda wa timadontho. Nambala ndi kadontho, monga 1. ndi 2., zimapanga mndandanda wa manambala. Liu loikidwa pakati pa tinyenyezi tiwiri uku ndi tiwiri uko limanenepa, pamene kanyenyezi kamodzi uku ndi uko kamalipendeketsa. Mzere wopanda kanthu ndiwo umalekanitsa ndime ndi inzace. M'mapulogalamu monga Obsidian, kamzere kopingasa kotsatidwa ndi mpanda wa makona wokhala ndi mpata m'kati, motere - [ ], kamapanga kabokosi koconga.

Mpata wotsatira cizindikiro ngwofunika. Wolemba akaiwala mpata pambuyo pa hashi, mapulogalamu ambiri sapanga mutu, ndipo ena amaliyesa liulo cizindikiro cofufuzira. Koma pa tinyenyezi lamulo ndi losiyana: tiyenera kugundana ndi liu, popanda mpata pakati.

Ubwino wa njirayi uli pakuti zizindikirozo ziri zilembo wamba za pa kiyibodi iri yonse. Zolemba za mtundu umenewu zikakoperedwa kucoka m'pulogalamu ina kupita m'ina, kapena kutumizidwa ku foni yaing'ono ya mabatani monga uthenga wamba, mitu siitaika. Ngakhale foniyo isamasulire zizindikiro, wowerenga amaonabe hashi nadziwa kuti apa pali mutu, amaona timizere nadziwa kuti uwu ndi mndandanda. Zilembo zonenepetsedwa ndi batani kawiri-kawiri zimabwerera kukhala wamba pa ulendo wotere, ndipo nchito yonse ya mlembi imapita pacabe.

Makampani akulu-akulu anaona phindu la njirayi. Mu 2024 Google Docs inayamba kulandira ndi kutulutsa mafailo a Markdown. Mu 2025 kampani ya Microsoft inaika njirayi mu Notepad, ndipo caka comweco kampani ya Apple inalola pulogalamu yace ya Notes kulandira ndi kutulutsa mafailo otere. Mafailo amenewa amadziwika ndi zilembo .md kumapeto kwa dzina.

MUDZI ULI WONSE NDI MWAMBO WACE

Mlembi ayenera kudziwa kuti mapulogalamu samvana pa zonse. Ngakhale pakati pa otsata Markdown panabuka kusiyana, kotero kuti mu 2014 akatswiri ena, mmodzi wa iwo John MacFarlane, anayamba nchito yochedwa CommonMark yolemba malamulowo momveka kuti onse azitsata cimodzi-modzi. Komabe kusiyana kwina kulipobe.

WhatsApp inayamba kulola zilembo zonenepa, zopendeka ndi zokhwachidwa mu 2016, koma inasankha njira yace-yace. M'menemo kanyenyezi kamodzi uku ndi uko kamanenepetsa liu, pamene mu Markdown kamodzi kamapendeketsa. Pofuna kupendeketsa mu WhatsApp, munthu amaika liu pakati pa timizere tiwiri tapansi (_). Pofuna kukhwacha, amaliika pakati pa timizere topindika (~), kamodzi uku ndi kamodzi uko. Notion nayonso imakhwacha ndi kamodzi, koma Obsidian imafuna tiwiri mbali iri yonse. Mu February 2024 WhatsApp inaonjeza mindandanda ya timadontho ndi ya manambala, yoyambitsidwa monga mu Markdown, koma hashi siipanga mutu m'menemo.

Cizindikiro conga mutu wa mubvi (>) cimasonyezanso kusiyanaku. Mu Markdown ndi mu WhatsApp cimapatula mau ogwidwa a munthu wina. Mu Notion cimapanga mzere wobisa zina kunsi kwace, wotseguka pokha-pokha munthu akaudina. Google Keep siimasulira tinyenyezi ndi mahashi kukhala zilembo zonenepa kapena mitu: imazisiya monga zalembedwera.

Motero mlembi wanzeru amayamba wadzitumizira yekha zimene wakonza, naona m'mene zaonekera, asanazitumize ku gulu. Mphindi imodzi ya kuyesa imapulumutsa ola lathunthu la kufotokoza.

MISAMPHA YA PA MANAMBALA

Pa mau, cizindikiro cikalakwika cimangoipitsa maonekedwe. Pa manambala cikhoza kusintha tanthauzo, ndipo apa mpamene pali ngozi yeni-yeni kwa osunga cuma ca anthu.

Msampha woyamba ndi kanyenyezi. Ambiri anazolowera kukagwiritsa nchito poculukitsa, monga pa kakyuleta. Munthu wolemba matumba asanu a makilogalamu 50 operekedwa kawiri akhoza kulemba 5*50*2. Pulogalamu yomasulira Markdown imaona tinyenyezi tiwiri tozinga 50, nkutibisa, nkupendeketsa nambalayo, ndipo pa galasi la foni pamaoneka 5502. Mankhwala ace ngosabvuta: kulemba cilembo x m'malo mwa kanyenyezi, kapena kulemba ndi mau kuti matumba 5 a makilogalamu 50.

Msampha waciwiri ndi mndandanda wa manambala. Magulu ena amapatsa membala ali yense nambala yace. Mlembi akalemba amene sanalipire poyamba mizere ndi 4., 9. ndi 12., pulogalamu ya Markdown imatenga nambala yoyamba yokha nipitiriza kuwerenga yokha, ndipo pamatuluka 4, 5 ndi 6. Anthu awiri osalakwa amalowa pa mndandanda wa angongole, awiri olakwa nkupulumuka. Nkwabwino kuyamba mzere ndi dzina, kapena ndi liu lakuti nambala, kuti pulogalamu isaganize kuti wapemphedwa mndandanda.

Msampha wacitatu ndi tsiku. M'Zambia anthu amayamba ndi tsiku, mwezi pambuyo, koma ku America amayamba ndi mwezi. Motero 3/4/2025 ikhoza kutanthauza 3 April kapena 4 March, malinga ndi wowerenga kapena makonzedwe a foni. Mwezi ukalembedwa ndi mau, mkangano umenewu sukhalapo.

Wacinai ndi kiyibodi yokonza mau yokha. Foni yokonzedwera Cingelezi imayesa mau a Cinyanja ngati olakwika niwasintha, ndipo dzina la munthu kapena la mudzi likhoza kusanduka liu lina lacilendo mlembi osazindikira. Kukonza kokha kumeneku kukhoza kuzimitsidwa m'makonzedwe a kiyibodi, ndipo mlembi wolemba Cinyanja masiku onse acita bwino kutero.

M'MENE MFUNDO ZA MSONKHANO ZIYENERA KUKHALIRA

Msonkhano uli wonse uyenera kukhala ndi colemba cace-cace. Kuunjika misonkhano ya caka cathunthu m'colemba cimodzi kumacititsa kuti kufufuza kukhale kobvuta, ndipo cala cikaterereka zonse zimafafanizika pamodzi. Mutu ukhale ndi dzina la gulu ndi tsiku lathunthu, ndipo ulembedwe mofanana nthawi zonse, kuti wofufuza akalemba dzina la mwezi, colembaco cituluke.

Pansi pa mutuwo pakhale mitu ing'ono-ing'ono yosasintha kucokera msonkhano wina kufika wina. Citsanzo ca mafupa ace m'zizindikiro za Markdown ndi ici:

# Msonkhano wa gulu, 14 October 2025
## Opezekapo
## Osapezekapo
## Ndalama zolowa
## Ndalama zotuluka
## Zigamulo
## Nchito zoti zicitike

Mlembi akhoza kusunga mafupa amenewa pa okha ndi kuwakopera msonkhano usanayambe, kotero kuti pa nthawi ya zokambirana amangodzaza. Mutu wotsala wopanda kanthu umamkumbutsa cimene waiwala kufunsa anthu asanabalalike.

Pansi pa ndalama, lamulo ndi lakuti munthu mmodzi, mzere umodzi. Mzere uli wonse uyambe ndi dzina, kenaka ndalama, kenaka cifukwa cace, ndipo dongosolo limeneli lisasinthe. Cilembo K ciikidwe patsogolo pa ndalama iri yonse, kuti K50 isasokonezeke ndi makilogalamu 50 kapena matumba 50. Ciwerengero conse cikhale pa mzere wace womaliza, ndipo ndico coyenera kunenepetsedwa.

Zigamulo zikhale pa mndandanda wa manambala, kuti pa msonkhano wotsatira wakumpando athe kunena kuti abwerere ku cigamulo cacitatu, onse nkudziwa cimene akunena. Nchito zoti zicitike ziikidwe m'timabokosi toconga, ndipo kabokosi kali konse kanene zinthu zitatu: nchitoyo, munthu woigwira, ndi tsiku loimaliza. Kulemba kuti feteleza akafunsidwe sikuthandiza, pakuti ali yense amayesa kuti mnzace ndiye adzapita. Kulemba kuti waciwiri kwa wakumpando akafunse za feteleza kwa mlangizi wa zaulimi pasanafike pa 21 October kumapatsa nchitoyo mwini wace.

Zilembo zonenepa ziri ngati mcere m'ndiwo. Zikaikidwa pa ciwerengero conse ndi pa tsiku lomaliza kubweza ngongole, diso limafika pomwepo. Zikaikidwa pa mzere uli wonse, palibenso coonekera. Cimodzi-modzinso zilembo zazikulu zokha-zokha: zimatopetsa maso, ndipo pa mauthenga a pa foni ambiri amaziwerenga ngati kukalipa. Mlembi akumbukirenso kuti mamembala ena ngokalamba ndipo maso ao anafooka, pamene ena amawerengeredwa ndi adzukulu. Ndime zazifupi ndi mizere yolekana bwino zimathandiza wowerenga ndi womvetsera yemwe.

KUKHWACHA KUPOSA KUFAFANIZA

Osunga mabuku a ndalama ali ndi mwambo wakale: nambala yolakwika saifafaniza kapena kuipaka, koma amaidula ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, nalemba yoona pambali pace ndi kusainapo. Cifukwa cace ncakuti wowerenga aone cimene cinalipo, cimene casintha, ndi amene wasintha.

Foni imafafaniza popanda kusiya cipsera. Umenewu ndi ubwino wace pa kalata wamba, koma pa ndalama za gulu ndi cofooka cacikulu. Mlembi wokhulupirika akakonza K200 kukhala K250 mwakacetecete, ngakhale ali ndi cifukwa cabwino, alibe umboni woonetsa kuti sanabe. Njira yomuchinjiriza ndi kukhwacha nambala yakale, kulemba yatsopano pambali, ndi kuonjeza tsiku ndi cifukwa ca kusinthako. M'pulogalamu imene mulibe njira yokhwachira, akhoza kusiya mzere wakalewo ndi kulemba wina kunsi kwace woyamba ndi liu lakuti kukonza.

Cinanso cothandiza ndi kutumiza mfundo za msonkhano kwa wakumpando, msungicuma ndi mamembala ena tsiku lomwelo. Kucokera mu 2023, uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kusinthidwa m'mphindi 15 zokha utatumizidwa, ndipo wosinthidwa umasonyeza kuti wasinthidwa. Pambuyo pa mphindi zimenezo, kope limene lafika m'mafoni a ena limakhala mboni, monga anali kucitira makope a pepala la kaboni.

KODI ZOLEMBAZO ZIRI M'MANJA MWA YANI?

Cakudza siciimba ng'oma. Foni imagwera m'madzi, imabedwa pa msika, kapena imangozima osayakanso. Mlembi nayenso akhoza kusamuka kapena kusiya udindo. Gulu liri lonse liyenera kudzifunsa kuti zolemba zace zidzapezeka kuti tsiku limenelo.

Zolemba za mu Google Keep zimatsata akaunti ya Google, ndipo zimaonekanso m'foni yatsopano munthu akalowa mu akaunti yomweyo. Koma pali anthu amene akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mwana wa kwa anansi, ndipo mau acinsinsi olowera sawadziwa. Kwa otere, foni ikataika, zolemba zataikanso. Ndiponso colemba cotaidwa mu Google Keep cimakhala m'malo a zotaidwa masiku 7 okha, kenaka cimacotsedweratu. Zolemba za mu Obsidian ziri m'foni momwemo, kotero palibe kampani yoziletsa, koma mwini ayenera kuzikopera pena iye yekha, apo ai zimapita pamodzi ndi foni.

Malamulo a makampani nawonso amasintha. Pulogalamu ya Evernote, imene kwa zaka zambiri inali yochuka pa nchito yosunga zolemba, inagulidwa ndi kampani ya Bending Spoons ya ku Milan, Italy, kuciyambi kwa 2023. Mu December caka comweco, ogwiritsa nchito pulogalamuyo mwaulere anaikiridwa malire a zolemba 50 ndi buku limodzi lokha. Zakale anali kuziwerengabe ndi kuzitulutsa, koma amene anali atapitirira malirewo sanathe kuonjeza zatsopano popanda kulipira. Nkhani imeneyi ikuphunzitsa kuti posankha pulogalamu, funso loyamba liyenera kukhala lakuti kodi ili ndi khomo lotulukira. Notion imalola kutulutsa zolemba monga mafailo a Markdown, ndipo colemba ca mu Google Keep cikhoza kukoperedwa ku Google Docs. Zolemba zokonzedwa ndi zizindikiro wamba zimatuluka pa khomo liri lonse ziri zathunthu.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Buku la pepala lisatayidwe cifukwa ca foni. Ziwerengero za ndalama ndi zigamulo zikulu-zikulu zizikoperedwa m'buku la gulu, ziziwerengedwa mokweza pa msonkhano wotsatira, ndipo wakumpando azisainira onse akabvomereza. Foni ikhale yofulumizitsa nchito ndi yofalitsa uthenga, buku likhale losunga siginecha.

Pamene mvula ikuyandikira, mabungwe a alimi amakhala ndi misonkhano yambiri ya mbeu ndi feteleza, ndipo kumapeto kwa caka magulu ambiri osunga ndalama amagawana zimene asonkha. Imeneyi ndiyo nthawi imene zolemba zimayesedwa. Akumpando a magulu akupemphedwa kukhala pansi ndi alembi ao, kugwirizana za mitu yosasintha ya mfundo za msonkhano, ndi kuonetsetsa kuti munthu waciwiri m'komiti adziwa kumene zolemba zisungidwa ndi m'mene zitsegulidwira. Acinyamata odziwa mafoni athandize makolo ao kuphunzira zizindikiro zocepazi, ndipo akulu amene anasungapo mabuku aphunzitse acinyamata mwambo wa kukhwacha ndi kusainira, pakuti mutu umodzi susenza denga.